Kusaka zipangizo zowotcherera ku Huaqiangbei

Amalawi ambiri amene amapita ku China kukaoda katundu amathera ku Guangzhou, kumene ndege za Ethiopian Airlines zimakatera zikadzera ku Addis Ababa. Ine ndinapitirira pa sitima yapamtunda mpaka ku Shenzhen, ulendo wosakwana maola awiri, chifukwa ndimakonda kukonza mawailesi ndi kulumikiza timabodi tamagetsi kunyumba, ndipo ndinkafuna zipangizo zowotcherera zolimba pa mtengo woti ndikwanitse.

Msika wa Huaqiangbei uli m'dera la Futian, ndipo si msika umodzi koma nyumba zikuluzikulu zoyandikana. Yodziwika kwambiri ndi SEG Plaza, imene inamalizidwa mu 2000 ndipo ili ndi nsanjika zoposa 70, ngakhale malonda ali m'nsanjika zam'munsi zokha. Mkati mwake muli timashopu ta magalasi tothithikana, kena kogulitsa mawaya okhaokha, kena nsonga zokhazokha za soldering iron, kachitsulo kotentha kowotcherera mawaya. Kunenerera mtengo kumachitika pa kalukuleta: wogulitsa alemba nambala, iwe ufufuta n'kulemba yako. Mtengo umatsika msanga ukamatenga zambiri, choncho tinthu ting'onoting'ono ndinatigulira pamodzi kwa munthu mmodzi. Ambiri amalandira ndalama kudzera pa WeChat Pay ndi Alipay, njira zolipirira pa foni, ndiye ndi bwino kukonzeratu zimenezi musananyamuke.

Pa makina owotcherera enieniwo sindinavutike kusankha. Pali ambiri otengera Hakko 936, makina akale a kampani ya ku Osaka ku Japan, ndipo ena mwa iwo amamatidwa dzina la Hakko mwachinyengo. Ndinasankha makina opanda dzina lotchuka amene amagwiritsa ntchito nsonga za T12. M'nsonga zimenezi chotenthetsa ndi choyezera kutentha zili mkati momwemo, motero zimatentha m'masekondi ochepa ndipo sizizizira msanga zikakhudza malo okhala ndi kopa wambiri. Ndinapempha wogulitsa kuti ayatse makinawo ndikuona, iye anasungunulira solder, chitsulo chofewa cholumikizira mawaya, pa kabodi kakale, kenako anandipatsa kuti ndiyese ndekha. Ndinagulanso nsonga zapadera, chifukwa makina otchipa amene nsonga zake sizipezeka kwathu amasanduka chokongoletsa pa shelefu.

Pamene ndinatayapo nthawi yaitali ndi pa waya wa solder, ndipo ndikuona kuti apa ndi pamene ogula ambiri amapusitsidwa. Solder wa 63/37, ndiye kuti magawo 63 a tini ndi 37 a mtovu, amasungunuka pa madigiri 183, ndipo akauma amasiya mfundo yosalala yonyezimira. Tini ndi wokwera mtengo kuposa mtovu, choncho mpukutu wotchipa modabwitsa nthawi zambiri umakhala ndi tini wochepa kusiyana ndi zimene zalembedwa pa chikutiro. Ndinayesa mipukutu iwiri pa tebulo limodzi. Wotchipawo unachedwa kusungunuka, unangoundana ngati phala lozizira, ndipo mfundo yake inatuluka yotuwa ndi yokhakhala. Winawo unayenderera wokha kuzungulira mwendo wa resistor, kachipangizo kakang'ono ka pabodi. Ndinalipira mtengo wokwererapo mosadandaula, pakuti mfundo yoipa imachititsa wailesi kumangodukaduka, mwini wake n'kumasaka vuto pamalo pamene palibe. Solder wopanda mtovu aliponso wambiri, koma amasungunuka cha pa madigiri 217 ndipo amavutitsa munthu amene akungophunzira kumene. Ogwiritsa ntchito wa mtovu azikumbukira kusamba m'manja akamaliza.

Flux (mankhwala othandiza solder kugwira bwino), kapampu koyamwira solder ndi timapanirisi ndinazigula mosaganizira kwambiri, poti mitengo yake sinasiyane kwenikweni kuchokera pa shopu ina kufika pa ina.

Nkhani ya magetsi ndi yofunika kuiona musanalipire. China imagwiritsa ntchito mavoti 220, amene amagwirizana bwino ndi 230 a kwathu, koma mumsikamo mulinso makina a mavoti 110 opangira misika ya ku America, ndipo amenewo amapsa mukangowalumikiza ku Malawi. Mapulagi a ku China salowanso m'masoketi athu a mano atatu, choncho ndinapempha wogulitsa kuti andisinthire chingwe. Anachita zimenezi osawonjezera mtengo, ndipo anayatsanso makinawo ndi chingwe chatsopanocho asanawaike m'katoni.