Ufulu wobwereketsa boma subwezedwa msanga

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti ulamuliro wankhanza umabwera ndi mfuti, asilikali atalanda wailesi mbandakucha n'kulengeza kuti boma lagwa. Zoterezi zachitikadi m'maiko ambiri, koma pamene ndakhala ndikuwerenga mbiri ya maiko amene anataya ufulu, chimene chandikhumudwitsa kwambiri n'chakuti kawirikawiri ufuluwo umatengedwa motsatira malamulo, aphungu ali m'mipando yawo, atauzidwa kuti dziko lili pangozi ndipo mphamvu zimene boma likupempha ndi za kanthawi chabe.

Aroma akale anali ndi lamulo lopereka mphamvu zonse kwa munthu mmodzi pa nthawi ya nkhondo, koma kwa miyezi 6 yokha. Mkulu wa asilikali wina dzina lake Sulla atatenga udindowu mu 82 B.C. sanaikiridwe malire a nthawi, ndipo mu 44 B.C. Julius Caesar anapatsidwa udindo womwewo kwa moyo wake wonse.

Nkhani ya Germany ndiyo imene ndimabwererako kawirikawiri. Adolf Hitler anayesa kulanda boma ndi mfuti mu 1923, nalephera n'kukalowa m'ndende. Patatha zaka pafupifupi khumi, pa 30 Januwale 1933, Pulezidenti Paul von Hindenburg anamusankha kukhala mtsogoleri wa boma, ngakhale kuti pachisankho cha Novembala 1932 chipani chake cha Nazi chinapeza mavoti 33 okha pa 100 alionse. Nyumba ya malamulo itapsa usiku wa pa 27 Febuluwale, m'mawa mwake Hindenburg anasainira lamulo loimitsa ufulu wa kulankhula, wa nyuzipepala ndi wa kusonkhana, ndipo anachita izi pogwiritsa ntchito gawo 48 la malamulo oyendetsera dziko, limene linalembedwa mu 1919 ndi cholinga choteteza demokalase yomweyo.

Pa 23 Malichi aphungu anasonkhana m'nyumba ya zisudzo ya Kroll, anyamata a chipani cha Nazi ovala yunifolomu ataima m'makomo ndi m'mbali mwa makoma. Mipando ya aphungu 81 achikomyunizimu inali yopanda anthu, chifukwa ena anali atamangidwa ndipo ena anali akubisala. Boma linapempha mphamvu yopanga malamulo lokha kwa zaka 4, ndipo aphungu 444 anavomera, pamene 94 okha a chipani cha Social Democratic, motsogozedwa ndi Otto Wels, anakana. Oposa 150 mwa ovomerawo sanali a Nazi. Ena anakhulupirira malonjezo apakamwa akuti mipingo ndi zipani zawo sizidzakhudzidwa, naiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pofika pa 14 Julaye chaka chomwecho, zipani zina zonse zinali zitaletsedwa, ndipo lamulo la zaka 4 lija linangowonjezeredwa nthawi mpaka boma linagwa mu 1945.

Ku India zinthu zinatha mosiyana, ndipo ndimaona kuti chifukwa chake n'chofunika kuchilingalira. Pa 25 Juni 1975, boma la Indira Gandhi linalengeza kuti dziko lili pangozi, atsogoleri otsutsa anamangidwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo nyuzipepala zinayamba kuunikidwa zisanatuluke. Mu 1976 khoti lalikulu la dzikolo linafunsidwa ngati munthu wotsekeredwa angadandaule kukhoti, ndipo majaji anayi mwa asanu anagamula kuti sangatero. Jaji H. R. Khanna yekha ndiye anakana, podziwa bwino kuti boma limene akulitsutsalo ndi limene lidzasankhe mkulu wa majaji. Mu Januwale 1977 boma linamulumpha pa udindowo, iye n'kutula pansi ntchito.

Kukana kwa Wels sikunaimitse Hitler, ndipo kwa Khanna sikunatsegule chitseko cha ndende ngakhale imodzi, choncho sindifuna kukokomeza ngati kuti kulimba mtima kwa munthu mmodzi kumapulumutsa dziko. Chimene chinathandiza India n'chakuti chisankho chinali chisanathetsedwe: mu Malichi 1977 anthu anachotsa Gandhi ndi mavoti, ndipo mu 1978 aphungu atsopano anasintha malamulo kuti ufulu wa moyo ndi wa kusamangidwa mwachisawawa usadzaimitsidwenso ngakhale dziko litakhala pangozi. Komabe aphunguwo anali ndi poyambira, chifukwa wina anali atalemba kale m'mabuku a khoti kuti zimene zinkachitikazo zinali zolakwa.

Khoti lalikulu la India linathetsa chigamulo cha 1976 chija mu 2017, ndipo jaji amene analemba kuti chinali cholakwika, D. Y. Chandrachud, ndi mwana wa mmodzi mwa majaji anayi aja. Khanna anali atamwalira mu 2008.