Ulendo wathu wa ku Bowmore pa chilumba cha Islay

Tinanyamuka ku Glasgow Lachisanu m'mamawa, anthu 11 a m'gulu lathu la Amalawi okhala kuno ku Scotland, pa minibasi ya hayala, kukaona fakitale ya Bowmore yotcheza mowa wa whisky. Msewu wa ku doko la Kennacraig ndi wokhotakhota, umadutsa m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond ndi m'tauni ya Inveraray, ndipo unatidyera maola atatu. Pamenepo tinakwera sitima, maola ena awiri pamadzi mpaka pa Islay. Anayi mwa ife salawa mowa m'pang'ono pomwe, anangotsagana nafe kukaona malo, ndipo a tcheya ananeneratu kuti pasapezeke wokakamiza mnzake.

Fakitale ya Bowmore ili m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, pa malo otchedwa Loch Indaal, makoma oyera mbee, dzina lake lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zakuda moyang'ana kunyanja. Imawerenga zaka zake kuyambira 1779, ndiye kuti ndi nkhalakale pa chilumba chonsecho.

Chimene chinandigwira mtima sichinali m'botolo ayi. Otiperekeza anatilowetsa m'chipinda chachitali chozizira, pansi ponse atayalapo balere wonyowa wongoyamba kumera. Ndisanauzidwe kanthu, mphuno inandiuza kale: ichi ndi chimera! Chomwechija agogo anga ankaviika, n'kuchifundika m'chisaka masiku angapo tikafuna thobwa. Kuno amaviika balere, kumuyala pansi pafupifupi sabata, n'kumamutembenuza ndi fosholo yathabwa usana ndi usiku kuti asatenthe komanso mizu isalukanelukane. Ndinatapako pang'ono n'kutafuna. Kunja kolimbirako, m'kati ufa wofewa wotsekemera. Mafakitale ambiri a whisky anasiya kalekale ntchito yotopetsayi, amangogula chimera chopangapanga, koma Bowmore imapangabe gawo lina la chimera chake ndi manja.

Utsi umalowera pomwepa. Pofuna kuumitsa chimeracho amasonkha moto pansi pake ndi peat, dothi lakuda la zomera zimene zakhala zikuwolerana m'madambo kwa zaka zikwizikwi. Amalidula zidutswazidutswa ngati njerwa n'kuliyanika. Silitulutsa malawi ambiri, limangofuka, ndipo utsiwo umakakamira pa chimera chonyowa. Bowmore imafukiza mwapakatikati, pafupifupi theka la mmene amachitira anzawo a Ardbeg kummwera kwa chilumbachi.

Za kufulula ndidutsepo msanga, poti n'zomwe timazidziwa. Kutcheza amatcheza kawiri m'miphika ikuluikulu yamkuwa. Apa achimwene ena a ku Dedza anadabwa kumva kuti mutu, umene otcheza kachasu kwathu amaunyadira, kuno amaupatula pamodzi ndi wakumapeto n'kuubwezera mumphika. Wopita mumgolo ndi wapakati yekha.

Kenaka tinatsikira ku nyumba yosungiramo migolo yotchedwa No. 1 Vaults, imene mbali ina ili m'munsi mwa msinkhu wa madzi a m'nyanja. M'katimo muli mdima, chinyontho, ndi fungo la thabwa lonyowa. Lamulo la ku Scotland limati mowawu ukhale mumgolo wa mtengo wa oak zaka zosachepera zitatu usanatchedwe whisky, ndipo nambala ya pabotolo ndi zaka za whisky wamng'ono kwambiri amene walowamo. Chaka chilichonse pafupifupi magawo awiri pa 100 alionse amauluka kudzera m'thabwa. Tangoganizani mgolo wadikira zaka 18, watsala wochuluka bwanji? Kuyambira tsikulo mtengo wake sindiudandaulanso ngati kale.

Tinalawa mitundu itatu: wa zaka 12, wa 15 ndi wa 18, aliyense pang'ono chabe pansi pa tambula yopanikiza kukamwa. Anatilangiza kuti tiyambe tanunkhiza milomo ili yotsekula pang'ono, kenaka tipsontheko n'kusunga pa lilime, tisamangoti kwiti ngati mankhwala. Wa zaka 12 utsi umakulonjera pakhomo pomwe, m'mbuyo mwake ndimu ndi uchi. Wa zaka 15, amene amamalizira zaka zitatu m'migolo ya vinyo wa sherry, ndi wofiirira, wokoma ngati mphesa zouma, ndipo mayi msungichuma anati amenewo ndiye awo.

Ine ndinaima pa wa zaka 18. Poyamba utsi sindinaumve n'komwe, ndinamva zipatso zakupsa, ngati mango amene agonera m'dengu. Nditadonthezamo timadontho tiwiri ta madzi n'kudikira, utsi uja unatulukira chakumapeto, wofatsa, wosatsamwitsa. Si utsi wa moto woyaka. Ndi uja umatsalira m'chitenje cha amayi tsiku lotsatira ataphika pamafuwa, kapena pa tsindwi la khitchini yaudzu. Ndinakhala nayo tambula ija mphindi zoposa 20, ndipo kafungoko kanali kadakali pakhosi titatuluka panja kumphepo.

A dalaivala athu sanalawe chilichonse, gawo lawo anawathirira m'timabotolo kuti akalawire kunyumba. Tisanabwerere tinasonkherana n'kugula botolo limodzi la zaka 18. Lili kwa a tcheya, ndipo tinagwirizana kuti tidzalitsekule pa 6 July, kuti anzathu amene analephera ulendowu adzanunkhizeko.