Makina olankhulira ndi akufa

Usiku wathawu ndinamvetseranso mawu amene malemu mayi anga ananditumizira pa WhatsApp, tulo n'kuthawiratu. Maganizo anandifikitsa kwa Thomas Edison, mkulu wa ku America uja anapanga makina oyamba otha kujambula mawu n'kuwamveketsanso mu 1877.

Mu Okutobala 1920, Edison anauza atolankhani kuti akukonza chipangizo chotha kumva ngakhale kanthu kochepetsetsa, kuti ngati umunthu wathu umatsala tikamwalira, upeze polankhulira. Taganizani nyengo yake: nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha kumene, chimfine cha 1918 chitasesa anthu mamiliyoni. Makomo ambiri anali ndi misozi. Edison anamwalira mu 1931, chipangizocho osaoneka mpaka lero.

Ena sanagwe ulesi. Mu 1959 ku Sweden, Friedrich Jürgenson ankajambula kulira kwa mbalame pa tepi, pomvetsera n'kumva ngati anthu akulankhula. Pambuyo pake anakhulupirira kuti wamva mawu a mayi ake omwe anamwalira. Konstantin Raudive wa ku Latvia anatengera pomwepo, najambula mawu otere masauzande ambirimbiri.

Ine sindikhulupirira kuti anali akufa. Khutu la munthu wosweka mtima limatola dzina lake ngakhale m'phokoso la wailesi. Koma kuwaseka sindingathe, abale anga, chifukwa njala yawoyo ndikuidziwa.

Chomwe chimandikhudza n'chakuti mu 1878 Edison analemba kuti makina ake ojambula mawu adzasunga mawu omaliza a anthu omwe akumwalira. Apo ndiye anakwanitsa. Mayi anga amalankhula masekondi 40 okha, akundifunsa ngati ndadya.