Singano ya rev counter ya MGB itayamba kunama

Galimoto ya MGB ya 1970 imene malume anandisiyira ku Highfield, mu mzinda wa Harare, inakhala pansi pa mtengo wa mapeyala zaka zingapo isanalirenso. Titaidzutsa, injini inali bwinobwino, koma singano ya rev counter, geji yosonyeza kuti injini ikuzungulira kangati pa mphindi, inkachita zachilendo. Galimoto ili chiimire, injini ikulira pang'onopang'ono, singano inkaloza 1,400. Ndikaponda mafuta inkalumpha uku ndi uku ngati yaledzera. Makutu anga ankandiuza kuti injini siikuthamanga choncho, koma makutu okha sindikanawadalira.

Ndinayamba ndapita ku Kaguvi Street kumene amagulitsa masipeyala. Wogulitsa wina, asanaione n'komwe galimoto, anati geji yafa, ndigule yatsopano ya pulasitiki yomangirira pamwamba pa dashibodi. Ndinakana. Geji ya Smiths imene ili m'galimotoyo ndi imene malume ankaiyang'ana akamapita ku Mutare, ndipo sindinafune kuitaya ndisanadziwe chavuta n'chiyani.

Amene anandithandiza ndi mdala wina wa ku Gazaland, makaniko wakale amene makolo ake anachokera ku Dedza. Nditawafotokozera, anati, "Mwanawe, musanaimbe mlandu geji, tipeze kaye mboni ina." Anatulutsa timing light yawo, chida choonera nthawi imene pulagi ikuthetheka, chimene chimawerenganso liwiro la injini, n'kuikanikiza pa waya wa pulagi yoyamba. Inasonyeza 900. Geji yanga 1,400. Tinakweza mpaka 2,000 pa chida chawo, yanga inali pafupi ndi 2,600, ikunjenjemera. Apa tinadziwa kuti mavuto ndi awiri osiyana: kuwerenga mopitirira, ndi kulumphalumpha.

Madalawo anandiuza ndiyang'anitsitse timalemba tating'ono m'munsi mwa nkhope ya geji. Panalembedwa RVI. Zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa geji ya mtundu umenewu siiwerenga kuchokera ku mbali ya negative ya koyilo monga imachitira geji ya mtundu wa RVC ya MGB za pambuyo pake. Waya woyera wochokera ku kiyi umalowa mu gejimo n'kutulukanso kupita ku koyilo, ndipo geji imamva magetsi akamadukaduka nthawi iliyonse mapointi (tizitsulo ta mu distributor totseka ndi kutsegula magetsi a koyilo) akatseguka. Injini ya masilinda 4 imathetheka kawiri pa kuzungulira kamodzi, ndiye pa 1,000 geji imalandira kugunda 2,000 pa mphindi. Chilichonse chowonjezera kugunda kwabodza pa waya umenewu, singano imachikhulupirira. Komanso waya woyerawo ukamasuka kumbuyo kwa geji, injini imazima pompo. Ndinaziona ndekha nditaugwedeza ndi chala.

Choncho tinapita ku distributor. Mapointi anali atapsa, mbali imodzi ili ndi kachulu, ina kadzenje, ndipo kasipuling'i kake kanali katafooka moti ankadumpha m'malo motseka kamodzi. Tinaika atsopano pamodzi ndi condenser, mpata 0.015 ya inchi, dwell (nthawi imene mapointi amakhala otseka) n'kufika madigiri 60 monga imafunira distributor ya Lucas 25D. Ndinagona chagada pansi pa chiwongolero n'kupeza waya wakuda wa ethi (earth) utachita dzimbiri pa kabawuti kogwira geji. Sandipepa pang'ono, kumanganso. Singano inasiya kuvina tsiku lomwelo.

Ndinafunsa ngati kuli bwino kuchotseratu mapointi n'kuika electronic ignition. Anapukusa mutu: RVI kawirikawiri siigwirizana nayo, imawerenga zosokonekera kapena kungogona pa ziro, pokhapokha m'kati mwake mutasinthidwa. Ndinasiya mapointi.

Kuwerenga mopitirira kunatsalabe, ndipo kunkakula geji ikatenthedwa ndi dzuwa la masana. Apa ndi pamene ndinachita mantha, chifukwa kunafunika kuitsegula. Mkombero wa chitsulo wogwira galasi umapotokola pang'ono n'kuchoka, koma wanga unali utamatirira ndi labala wakale, ndipo ndinatha pafupifupi ola ndikuunyengerera kuti galasi lisasweke. M'katimo muli tizipangizo towerengeka: transistor, ma resistor, ma capacitor, ndi kachitsulo kozungulira kosinthira muyezo. Capacitor imodzi inali itatupa ndi ukalamba, zaka zoposa 50 si masewera. Mnyamata wina wokonza mawailesi ku Mbare anawerenga manambala ake, n'kuwotcherera ina yofanana nayo. Singano sitinaikhudze n'komwe. Kasipuling'i kake n'kopyapyala ngati tsitsi.

Tinailumikiza ili yosatseka, madala atagwira timing light, ine ndili ndi sikuludalaiva yaing'ono. Anandilangiza kuti tisaikonzere pa liwiro lotsika koma pa 3,000, pamene galimoto imathera nthawi yambiri pamsewu. Iwo akufuula manambala, ine ndikupotokola pang'onopang'ono mpaka ziwirizo zitagwirizana. Titatsitsa, chida chawo chinati 900, geji 950. Tinaisiya pomwepo.

Lamlungu m'mawa ndinatuluka nayo pa msewu wa Bulawayo kulowera ku Norton. MGB mu giya ya 4, popanda overdrive, imayenda pafupifupi makilomita 29 pa ola pa 1,000 iliyonse. Foni ya mlamu wanga, amene anakhala pambali panga, itasonyeza liwiro la makilomita 87 pa ola, ndinaponya diso pa geji. Singano inali itaima nji pa 3,000.