Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Chaka cha nyali

Gawo lapita ndinalekezera poti ndafika ku Ndirande kwa malume anga mu 1991, nditalemba mayeso a fomu 4, ndipo iwo anandipezera kantchito mukashopu kena mtauni mwa Blantyre kogulitsa makope ndi mabolopeni, momwe munalinso makina a fotokope. Ndinali ndi zaka 20 basi, za ndale sindinkaziganiza nkomwe chifukwa tinakula tikudziwa kuti ndale ndi za Ngwazi, ife zathu nkuwomba mmanja ndi kuloweza nsanamira zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo.

Ana a masiku ano ndikawauza za khadi la chipani amaona ngati nthano. Khadi limenelo unkayenda nalo mthumba kulikonse, pachipata cha msika pamakhala anyamata a malaya ofiira ndipo ukapanda kulionetsa sulowa, pokwera basi chimodzimodzi, ena mpaka ankagulira mwana wakhanda wakumsana. Amboni za Yehova amene anakana kuligula analetsedwa mu 1967, anawotcheredwa nyumba, ambiri nkuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Wailesi inali imodzi ya MBC, kanema kunalibe. Koma chimene chinkandipweteka ine osachizindikira ndi mmene tinkayankhulira mnyumba mwathu momwe. Malume akafuna kutchula za nduna zija zinafera ku Mwanza mu 1983, a Matenje, a Gadama, a Sangala ndi phungu a Chiwanga, ankayamba asuzumira panja kenako nkutsitsa mawu, ndipo azakhali ankawadula, "Bambo a mwana, siyani zimenezo, ana akumva." Munthu kuopa ana ako omwe, poti mwina mawa akakamba kusukulu mosadziwa.

Ndiye linafika Lamlungu la pa 8 Malichi 1992, loyamba la nyengo ya Lenti. Ine ndine wa Katolika ndipo ndinali mtchalitchi tsiku limenelo. Bambo mfumu mmalo molalika anayamba kuwerenga kalata ya maepiskopi, poyamba anthu timangomvera ngati zamasiku onse, koma atafika pokamba za malipiro ochepa a anthu apantchito, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za anthu otsekeredwa popanda kuwazenga mlandu, zoti anthu akuopa kunena maganizo awo, mtchalitchi munati zii. Ine ndinkayang'ana kuchitseko kudikira kuti apolisi alowa nthawi ina iliyonse. Kenako amayi ena kumbuyo analuluta, basi anthu kuwomba mmanja, ena akulira. Mukalatamo munalibe chachilendo abale, zonse tinkazidziwa, chachilendo chinali kuzimva zikunenedwa mokweza masana dzuwa likuswa mtengo.

Sipanapite masiku boma linalengeza kuti kalatayo ndi youkira ndipo wopezeka nayo amangidwa. Maepiskopi anakawafunsa kupolisi, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche anathamangitsidwa mdziko muno. Apa mpamene makina athu a fotokope aja anasanduka chinthu china. Madzulo titatseka shopu, abwana anga, munthu wofatsa amene sindinamumvepo akukamba za boma, anandiitana nati, "Mphwanga, ukudziwa chimene chili mu envulopu iyi? Ngati ukuopa uzipita, sindikudandaula." Sindinapite. Manja ankanjenjemera koma ndinapanga makope, ndipo kuyambira pamenepo zinangokhala ntchito yathu ya usiku, kalata ija komanso timapepala tina tobwera pa fakisi kuchokera kunja, mmawa nkumazipeza zafika kale ku Limbe, ku Bangwe, ku Chilomoni, osadziwa kuti wanyamula ndani. Malume sindinawauze, koma tsiku lina ndinapeza kope imodzi yomwe ndinapanga ndekha ili pansi pa matiresi awo, anaipeza kuntchito kwawo.

Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe akuchokera kunja ndipo anawagwira pabwalo la ndege pomwepo asanamalize kuwerenga mawu awo ofuna demokalase. Tinazimva pa BBC, wailesi titaitsitsa mawu mpaka kuika khutu pa sipika. Mu Meyi antchito a pa David Whitehead ananyanyala ntchito, zinafalikira mtauni monse, masitolo anaswedwa ndipo apolisi anawombera anthu, anafa anthu oposa 30. Ine ndinathawa wapansi kuchoka mtauni kukafika ku Ndirande, utsi wokhetsa misozi uli mmaso, ndipo ndinaona mnyamata wa msinkhu wanga atagona mmbali mwa msewu anthu atamufunditsa chitenje. Mpaka lero sindimudziwa dzina, koma ndikamva munthu akunena kuti demokalase inangobwera yokha kapena kuti anatipatsa azungu, ndimakumbuka mapazi ake aja ali ndi fumbi. Nzoona kuti mwezi womwewo mayiko otithandiza anakumana ku Paris nkuimitsa thandizo lina, zimenezo zinafinya boma ndithu, koma amene anagona pamsewu anali Amalawi.

Mu Okutobala Kamuzu analengeza kuti kukhala riferendamu, ndipo mwezi womwewo a Orton Chirwa anamwalira mundende ya Zomba. Magulu a AFORD ndi UDF anayamba kuonekera poyera, mipingo ndi maloya ali mu PAC akukambirana ndi boma. Chizindikiro cha chipani chimodzi chinali tambala wakuda, cha matipate chinali nyali. Anthu anayamba kupatsana moni wa zala ziwiri, poyamba mobisa pawindo la minibasi, kenako poyera.

Chimene ndimachikumbuka kwambiri ndi ulendo wanga wa kumudzi ku Chiradzulu chisankho chili pafupi. Tinali tikuchoka mchilala choopsa cha 1992, anthu anapulumukira chimanga chachikasu cha thandizo, ndipo kumudzi kunali mphekesera zoti ukavotera nyali chimanga sudzalandiranso, komanso zoti matipate ndi nkhondo. Kwa amayi anga nkhondo sinali nkhani yakutali ayi, anthu othawa ku Mozambique anali mbwee mmaboma akumalire, anawaona ndi maso awo. Anandikhazika pamkeka nati, "Mwanawe, iwe ukufuna tidzagone mtchire ngati anzathu aja?" Ndinawafotokozera za Zambia, kuti a Kaunda anagonja kwa a Chiluba mu 1991 nkuchoka mwamtendere popanda kulira mfuti. Anakhala chete nthawi yaitali kenako anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati a mfumu kapena a tcheyamani adzadziwe chomwe munthu waponya. Ndinati ayi amayi, mudzakhala nokhanokha mmenemo. Sanandiyankhe kuti avotera chani ndipo ine sindinawakakamize. Tsiku limenelo mpamene ndinamvetsa kuti kwa mayi amene moyo wake wonse anavina pamisonkhano atavala nsalu ya nkhope ya munthu mmodzi, afune asafune, ufulu unayambira pa kamphindi kokhala yekha kosankha popanda womuyang'ana.

Ndikudziwa ena mukuwerenga muli ndi mawu aja akuti nthawi ya Kamuzu zinthu zinali bwino, kwacha inali ndi mphamvu, misewu inali yosalala, kuba kunali kochepa. Sindikutsutsa zonse, ndipo atsogoleri amene tinawasankha pambuyo pake atikhumudwitsa kambirimbiri, ena mpaka anafuna kusintha malamulo mu 2002 kuti akhalitse pampando, ena anaombera anthu pa 20 Julaye 2011. Koma taganizani, madandaulo amenewo mukuwalemba pa Facebook ndi dzina lanu ndi chithunzi chanu, usiku nkukagona kwanu. Malume anga sakanatha kuwanena ngakhale kwa akazi awo osatseka chitseko. Ndipo mu 2002 muja, ngakhalenso mu 2020 pamene khoti linafafaniza chisankho cha tipeksi, amene anaimitsa zoipazo anali anthu omwe analawa kale kuyankhula ndipo sanafunenso kubwerera.

A Chihana anatuluka mundende pa 12 Juni 1993, ndipo pa 14 tinavota. Ndinadzuka kudakali mdima koma ndinapeza mzere utatalika kale, kukuzizira, agogo atafunda mabulangete, palibe wokankhana ndi mnzake. Zotsatira zitatuluka nyali inapeza pafupifupi 63 peresenti, kumpoto ndi kummwera inapambana kwambiri pomwe mchigawo chapakati ambiri anasunga tambala. Ku Ndirande anthu anayenda mmisewu atanyamula nyali zoyaka masana, malume anavina mpaka kutaya nsapato imodzi. Amayi anadzandiuza patapita miyezi, tikukonola chimanga, kuti anaponya nyali ndipo sanauze aliyense ngakhale bambo.

Kumapeto kwa mwezi womwewo nyumba ya malamulo inasintha lamulo kuti zipani zina ziloledwe, ndipo amene anathawira kunja anayamba kubwerera kwawo. Koma apayoniya anali adakali ndi mfuti zawo mmakampu, ndipo zomwe zinachitika mu Disembala asilikali atatuluka mmabalaki, ine ndili pakati pa ulendo wa ku Lilongwe, ndikamba mu gawo lotsatira.