Lachitatu ku Zomba: pulopela pa sikelo

Kwacha ndi kutentha kwa Okutobala, phiri lili mbuu ndi utsi. M'mawa wonse wathera pa ntchito imodzi, kuyeza mphamvu imene pulopela ya droni ya mapiko (kandege kouluka popanda munthu m'katimo) imakoka nayo. Chipangizo chake n'chosavuta: matabwa awiri ofanana kutalika, olumikizidwa ngati chilembo cha L, hinjesi pakona. Mota imamangidwa pamwamba pa thabwa loimirira, nsonga ya thabwa logona n'kumadinikiza sikelo ya kukhitchini. Poti matabwawo ndi ofanana, magalamu a pa sikelo ndiwo mphamvu ya pulopelayo.

Manambala oyamba anali osokonekera. Tebulo linayandikira khoma, ndiye mphepo imagunda khomalo n'kubwereranso mu pulopela. Batire nalo lili ndi khalidwe lake. La maselo 4 likadzadza limakhala pa mavoti 16.8, koma limatsika mota ikamakoka, choncho wolemba magalamu osalemba mavoti ndi ma amp wangotaya nthawi.

Masana kutatentha, mphamvu ija inachepa poyerekeza ndi ya pa pepala la opanga pulopela, ndipo n'zosadabwitsa. Zomba ili pamalo okwera mamita oposa 900 kuchokera pa nyanja yamchere. Kukafika madigiri 30, mpweya umapepuka ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi umene mabuku amawerengera. Droni yonyamula mankhwala imafuna mtunda wotalikirapo kuti inyamuke, ndipo ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba, zimanyanya. Manambala otere palibe adzatiyezere kunja.

Apa m'pamene nkhani ya mgwirizano wa boma, mayunivesite ndi makampani pa kafukufuku wa madroni imandikhudza. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera madroni ku Kasungu, makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege. Mu 2020 kunabwera African Drone and Data Academy, sukulu yophunzitsa za madroni, mogwirizana ndi yunivesite ya ku America ya Virginia Tech komanso Malawi University of Science and Technology (MUST). Achinyamata odziwa kuulutsa tili nawo tsopano. Kafukufuku amafuna zinanso. Boma lipereke mlengalenga woyeseramo wokhala ndi chilolezo chokhalitsa, lichepetse msonkho pa mamota ndi masensa, lilipire katswiri wa mu labu wa ntchito yokhazikika. Makampani oulutsa mankhwala m'dziko muno, monga anachitira Swoop Aero ndi Wingcopter, angathandize kwambiri popereka zolembedwa za maulendo awo ndi zipangizo zotha ntchito kuti ophunzira azing'ambe n'kuona pamene zimathyokera.

Madzulo kwayambika kudula timapaipi tomwera zakumwa toti tiwongole mphepo polowera mu wind tunnel yaing'ono, ngalande ya mphepo yoyeseramo zipangizo zouluka. Kalikonse kazitalika maulendo 6 mpaka 8 kuposa kukula kwa bowo lake, ndipo fani ikhale kumapeto, izikoka mphepo osati kuikankha. Mabatire atsitsidwa pa mavoti 3.8 selo iliyonse n'kuikidwa m'bokosi lachitsulo. Mawa 6 koloko kuyezanso, kusanatenthe.