Guluu Amafuna Maola 24

Pabotolo la guluu wa matabwa analemba zomveka bwino: panirani zimene mwamatazo kwa mphindi zosachepera 30, ndipo musaikepo cholemera mpaka patadutsa maola 24. Ndinawerenga kawiri, kenako ndinayang'ana wotchi. Inali 11 koloko m'mawa, Loweruka, ndipo alendo anali oti afika 4 koloko madzulo.

"Amangolemba zimenezi poopa milandu," ndinawauza mayi akunyumba.

"Inu bambo mumadziwa zambiri kuposa amene anapanga guluuyo," anayankha osanditembenukira n'komwe. Amene muli pabanja mukudziwa kuti mawu otere si kuvomereza ayi.

Nkhani yake inali yakuti ndinaitana anzanga awiri omwe ndinaphunzira nawo sukulu, pamodzi ndi akazi awo, kuti adzaone nyumba imene tinali titangosamukiramo. Kuphatikiza ife eni, tinali anthu 6. Mipando nayo inalipo 6, koma umodzi unavulala pa ulendo wosamuka, mwendo wake wakumbuyo unali gwedegwede. Ndinauthira guluu wambiri, n'kuukhomera m'malo mwake ndi chidendene cha nsapato, basi n'kuuimika patebulo ngati palibe chachitika. Chopanira ndinalibe.

Nzeru yanga inali yoti pampando umenewo ndikhalepo ndine. Ine ndine wowonda, woti kukachita chimphepo mayi amandigwira dzanja. Ndinayeserera ndithu kakhalidwe kake: thako limodzi pampando, thupi lonse likudalira miyendo yangayi, nkhope ikumwetulira. Ndipo poopa kuusokoneza ndi inzake, ndinauikira chizindikiro. Ndinatenga khushoni yokongola kuposa zonse m'nyumba muja n'kuika pamenepo. Mpaka lero sindimvetsa chimene chinandilowa m'mutu.

Nthawi itayamba kutha, ndinatembenukira ku zinyalala. Pafupi ndi chimbudzi pali kachipinda kosungiramo katundu, komwe chitseko chake chimatsegukira kunja. M'menemo ndinakankhiramo makatoni osamasula, zovala zakuda za milungu iwiri, wilo la njinga (njingayo ndinagulitsa kalekale, musandifunse), ndipo pamwamba pa zonsezi ndinasanjikapo beseni lodzaza mapoto ndi mbale zosatsuka za dzulo lake. Ndinatseka chitseko ndi phewa. M'katimo munamveka kaphokoso kosonyeza kuti katundu watsamira chitseko, koma ndinachita ngati sindinamve.

Chomaliza chinali fungo. Ndinagula mankhwala opopera aja onunkhiritsa m'nyumba. Ndinapopera psii, psii, m'nyumba monse munanunkhira maluwa. Patapita mphindi zochepa fungo linazimiririka, ndinapoperanso. Linazimiririkanso, ndinapoperanso. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mphuno ya munthu imazolowera fungo msanga, imasiya kuuza ubongo za chinthu chimene chakhalapo kale. Fungo silinkapita kulikonse, mphuno yangayi ndi imene inali itanyanyala ntchito. Pofika 4 koloko botolo linali litapepuka.

Alendo anafika onse pamodzi. Woyamba kulowa anali mkazi wa mnzanga kalipentala. Anangoponda pakhomo n'kuyetsemula katatu, misozi ili chuchuchu.

"Alamu, muno mwanunkhira bwanji," anatero akupukuta m'maso. Ine ndinathokoza ndi mtima wonse.

Pambuyo pake panabwera mnzanga winayo, amene kusukulu tinkangomutchula kuti Chimphona. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mame awa amalemera makilogalamu 110, ndipo mwini wake amanena yekha monyadira. Ine pofuna kuti aliyense amasuke, ndinatambasula manja n'kulankhula mawu amene ndinawakonzekera sabata yonse.

"Takulandirani! Pano ndi kwanu. Khalani paliponse pamene mtima wanu wafuna."

Mtima wa Chimphona unafuna pakhushoni yokongola.

Ndinatsegula pakamwa koma mawu sanatuluke. Munthu wangomuuza kumene kuti pano ndi kwawo, ungamuuzenso bwanji kuti kupatula apo? Ndinamuona akutsika pang'onopang'ono ngati dzuwa likamalowa. Mpando unalira kamodzi, kwee, kenako zii. Mayi akunyumba anandiyang'ana ali pakhomo la kukhitchini, n'kukweza nsidze imodzi yokha, n'kubwerera.

Kwa maola atatu otsatirawo ine sindinacheze ndi munthu aliyense. Ndinacheza ndi mwendo wa mpando. Maso anga anali dwii pansi pa tebulo, pamene kadontho koyera ka guluu kanatuluka pamfundo n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono ngati msozi. Chimphona akaseka, ine mtima m'mwamba. Akatambasula dzanja kuti atenge kapu, ine ndinkadzuka msanga n'kumupatsira m'manja. Akafuna kutembenuka kuti aone chithunzi chapakhoma, ndinkakachichotsa pakhomapo n'kumubweretsera.

"Achimwene, ulemu umenewu mwauphunzira kuti?" anafunsa. "Kusukulu kuja simunkabwereketsa ngakhale labala."

Ndinayesa njira zonse zomudzutsira. Ndinamupempha kuti tikaone kuseri kwa nyumba, anati bondo likuwawa. Ndinati pasofa mpofewa, anati sofa imamugonetsa tulo. "Mpando uwu wokha," anatero akumenya m'mbali mwake ndi chikhatho, pha pha, "ndi wolimba. Masiku ano sakupanganso yotere." Kalipentala anausuzumira, anayang'ana kadontho kaja, anayang'ana ine, n'kumwa madzi ake mwakachetechete. Anthu aluso ndi oopsa.

Choipitsitsa chinachitika pamene Chimphona ankafotokoza za galimoto yake imene akuba anaiphwanya galasi mwezi wapitawo. Nkhani inali yachisoni, aliyense ali chete. Atafika poti anapeza atamubera ngakhale batire, anatsamira kumbuyo ndi thupi lonse. Ine ndinatseka maso. Nditatsegula, mpando unali chiimire.

"Eyaa, zikomo kwambiri!" mawu anangondipulumuka mokweza.

Anthu asanu anandiyang'ana.

"Ndikutanthauza kuti, zikomo kuti sanatenge matayala," ndinatero.

"Anatenga awiri," anayankha mkazi wake.

Kunja kutayamba kuda, ndinathawira kukhitchini kukathandiza mayi. Kumeneko kuli soketi imodzi yokha, choncho zonse zimadalira ekisitenshoni. Panali polumikizidwa kale kachitofu kamagetsi ka mapuleti awiri, kotenthetsera zakudya, ine n'kuwonjezerapo ketulo. Masamu ake ndinawadziwa pambuyo pake. Ekisitenshoni ya ma amp 13 pa magetsi a mavoti 230 imanyamula mawati pafupifupi 3,000. Ketulo yathu yokha imadya 2,200, kachitofu kaja 2,500. Zikatere fyuzi yamupulagi imayenera kupsa kuti iteteze waya. Koma fyuzi imeneyo inapsa kale chaka chatha, ndipo katswiri wina, yemwe ndi ine ndemwe, anaikamo kachidutswa ka waya wamkuwa m'malo mwake. Ndiye m'malo moti fyuzi ipse, inayamba kupsa ndi ekisitenshoni yeniyeniyo. Fungo la pulasitiki wosungunuka likanatichenjeza, koma m'nyumba yodzaza maluwa a m'botolo ndani akanalimva? Musadzayesere zimenezi, nyumba zimapsa nazo.

Ndinali nditangobwerera kuchipinda chochezera pamene mkazi wa kalipentala anandinong'oneza kuti akufuna kudzithandiza. Ndinamulozera njira: alowe m'kanjira kapakati, chitseko chachiwiri. Atangokhota, kukhitchini kunamveka thwa! Switchi yaikulu inagwa, nyumba yonse mdima bii.

Mumdima munthu sawerenga zitseko, amagwira chimene dzanja lapeza.

Phokoso lake sindingathe kulilemba. Linayamba ndi beseni, kenako mapoto, lililonse ndi mawu akeake, kenako mbale, kenako makatoni. Zitatha zonse, m'kati mwa bata, tinamva wilo la njinga likugubuduka modekha m'kanjira kaja, linadutsa pakati pathu n'kukagunda tebulo. Chivundikiro chimodzi chinapitiriza kuzungulira pansi kwa nthawi yaitali ngati chikuomba m'manja.

"Alamu," anamveka mawu aang'ono mumdimamo, "ndikhulupirira kuti kuno si kuchimbudzi."

Matochi a mafoni anayaka. Tinamupeza ataima pakati pa katundu ali mbwee, sanavulale, koma paphewa pake panali pakulendewera kabudula wanga wam'kati, uja wobooka amene mayi akhala akundiuza kwa zaka ziwiri kuti nditaye. Anamuchotsa ndi zala ziwiri n'kundipatsa mwaulemu, ndi manja awiri. Ndinalandiranso ndi manja awiri. Nanga ndikanatani?

Chimphona naye anali atadzuka kudzaona. Kalipentala anazula ekisitenshoni yopsayo n'kukweza switchi, magetsi anayaka, ndipo manyazi anga onse anaonekera poyera: mapoto amafuta, masokosi opanda anzawo, makalata a ngongole. Miyendo inandizizira. Ndinabwerera chambuyo, n'kukoka mpando umene unali pafupi, kuukwekwesa cham'mbali, n'kudziponyapo.

Khotcho!

Ndinagwa chagada, miyendo m'mwamba, kabudula uja akadali m'manja. Khushoni yokongola inandigwera kumaso.

Anayamba kuseka ndi mayi akunyumba. Anaseka mpaka anakhala pansi, atatsamira khoma. Kenako onse. Chimphona anaseka mpaka kutsokomola, akuloza ine, akuloza mpando, akudziloza yekha. Kalipentala anatola mwendo wothokawo, anagwira guluu ndi chala, anali akadali wonyowa m'kati.

"Mwamata nthawi yanji, achimwene?"

"11 koloko."

"Ya dzulo?"

Sindinayankhe. Ndiye anayamba kundiphunzitsa ndili chigonere pansi. Anati mfundo ya mpando imapirira katundu wopsinja kuchokera pamwamba, chimene imadana nacho ndi kukankhidwira m'mbali. Chimphona, pokhala phee maola atatu, ankagwira ntchito ya chopanira chija ndinalibe. Ine wowonda ndi amene ndinaupotokola mwendo poukoka.

"Mwamva?" anatero Chimphona akudzigunda pachifuwa. "Ine ndimakonza mipando. Ameneyu ndiye amathyola."

Zimene zinatsatira sizinali m'dongosolo langa. Wina anatsegula mawindo onse, anthu n'kuyamba kupuma ngati atuluka m'madzi. Azimayi awiri aja anapinda manja a malaya n'kutengera beseni kukhitchini, mayi akuwaletsa mongoyerekeza. Mkazi wa Chimphona anaulula kuti iye alendo akamabwera amabisa mapoto akuda mu uvuni, ndipo tsiku lina anauyatsa ataiwala. Kalipentala anati kwawo chipinda chimodzi sichinatsegulidwe pamaso pa mlendo kuyambira 2019. Chimphona anavula nsapato, sokosi yake inali ndi chibowo chotulukira chala chachikulu, n'kukhala pansi pa kapeti. Ine ndinakhala pakatoni. Mame aja anakamuka 11 koloko usiku itadutsa, ndipo potsanzikana pageti tinaimanso mphindi 40.

Lamulungu m'mawa ndinadzuka msana ukuwawa. Ndili pasofa, ndikudzisisita, mayi akunyumba analowa mwakachetechete atanyamula mpando wa miyendo itatu kudzanja limodzi, mwendo wachinayi kudzanja linalo. Anauimika patsogolo panga motsamiritsa kukhoma, n'kuikapo khushoni yokongola ija, n'kuisalaza bwinobwino. Kenako analoza wotchi. Inali 11 koloko ndendende.

"Bambo, maola 24 aja akwana," anatero. "Mutha kukhalapo tsopano."